Kashopu kotsuka zithunzi ka m'tauni kamene sharpening amaika pomaliza

Anzanga amene mumajambula maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi zochitika za kutchalitchi kuno ku Joni, pali kashopu kena kotsuka zithunzi m'tauni muno kamene ndati ndikuuzeni, kali chakufupi ndi Park Station, ukatsika taxi pa Noord ndi ulendo wapansi basi. Dzina sinditchula chifukwa sanandilipire kuti ndiwatsatsire malonda, komanso pali zina zimene ndidandaule m'munsimu ndiye si bwino kuyalutsa munthu pagulu, amene mumayendayenda chakumeneko mukadziwa ndithu. Mwini wake ndi mayi wakwathu, aliyense amangoti asisi, ndipo ali ndi mnyamata mmodzi wowathandiza pa makina. Ntchito yawo ndi kuedita, kutsuka zithunzi kuyambira jumbo, tija tating'ono ta mu album, mpaka zikuluzikulu za pakhoma, ma canvas, mafulemu ndi tizithunzi ta pasipoti.

Chimene chimandibwezera pamalopa si makina ayi, makina ngati amenewo ali mbwee m'ma mall a ku Randburg kaya ku Rosebank. Ndi mafunso awiri amene asisi amakufunsa ukangowapatsa flash, asanaibaye n'komwe pa kompyuta. Loyamba amati "achimwene, mwaika kale sharpening?" lachiwiri "chituluke saizi yanji, pa pepala lanji?" Sharpening ndi kuthwetsa chithunzi pa kompyuta. Malo ambiri safunsa mafunso amenewa, amangotenga fayilo, dinani dinani, kenaka n'kukupatsa emvulopu, ukafika kunyumba n'kupeza mkwatibwi ali ndi kamzere koyera kozungulira mutu wonse, nkhope yolimba, timabowo tonse ta pakhungu tili poyera pamene mwini wake analipira wa make-up ndalama zambiri kuti tibisike. Ukabwerera kukadandaula amati fayilo yanu ndi imene inali choncho.

Lamulo la asisi ndi limodzi, sharpening yeniyeni imabwera pomaliza penipeni, chithunzi chitadulidwa kale, chitafika kale pa saizi imene chitulukire. Iwo amanena kuti munthu sasita malaya asanachape. Ndipo ukabwera ndi fayilo yoti unaipanikiza kale sharpening kunyumba amakuuza mosapsatira kuti bwererani mukatenge ina yosaika, kapena titsuka koma musadzatinene.

Ndifotokoze pang'ono chifukwa chake, poti ena mwangoyamba kumene ndi kamera yogula second hand ndipo mukuona ngati ka slider ka sharpening, kokoka kaja ka mu pulogalamu yoeditira, ndi kokonzera chithunzi chilichonse. Sharpening sibweza kanthu kamene kamera sinagwire. Imene imachita ndi kufufuza malire, pamene chakuda chakumana ndi chowala, n'kudetsa pang'ono mbali yakudayo, n'kuwalitsa pang'ono mbali yowalayo, diso likaona limati eee chakuthwa. Basi ndi zomwezo. Ukaonjeza ndiye mbali yowala ija imasanduka kamzere koyera koonekeratu, kamene amati halo. Ndiye taganizani ife khungu lathu lakuda, mkwatibwi wavala velo yoyera, mkwati suti yakuda malaya oyera, kumbuyo kuli nsalu zoyera za decoration, chithunzi chonse ndi malire okhaokha a chakuda ndi choyera, ndiye halo imatigwira msanga kwambiri ifeyo, manambala amene mwaonera munthu wa pa YouTube akuika pa chithunzi chake musamangowakopera.

Tsopano chifukwa chiyani pomaliza. Ukaika sharpening poyamba kenaka n'kukweza contrast, kusiyana kwa chowala ndi chakuda, kamzere kaja kamakwera nawo. Ukakweza ma shadows, kuwalitsa malo akuda aja, chifukwa holo inali ya mdima, noise, kapena kuti timadontho tonga mchenga, imene inabisala mumdimamo imatuluka itanoledwa kale, timadontho tokhatokha pa suti, ndipo kuichotsa pamenepo ndi ntchito, umayenera kupaka noise reduction yambiri mpaka nkhope kusalala mopusa. Ukachepetsa saizi, kompyuta imataya ma pixel ambiri n'kusakaniza otsalawo, sharpening ija imapita nawo limodzi ndiye unangovutika chabe. Ukakulitsa ndiye zoopsa, kamzere kamene kanali kosaoneka kamakula limodzi ndi chithunzi, pa pepala lalikulu la A2 ukuonera kukhomo. Ndiye ndondomeko ya pashopupa ndi yoti amayamba kuwala, white balance, mitundu, kenaka noise, kenaka kuyeretsa khungu pamene pali ziphuphu kapena thukuta lonyezimira, kudula, kuika saizi, sharpening n'kutsekera.

Koma musamve ngati poyamba saika kalikonse ayi, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka ndipo ndinamvapo anyamata awiri akukangana pamzere pomwepo, wina akuti poyamba wina akuti pomaliza, onse akulondola theka. Fayilo ya RAW, yaiwisi ija imene kamera sinaikonze, imatuluka mu kamera yofewa pang'ono mwachibadwa, chifukwa kadontho kalikonse ka pa sensor, kachipangizo kogwira kuwala m'kamera, kamaona mtundu umodzi wokha, wofiira, wobiriwira kapena wa buluu, mitundu inayo kompyuta imachita kuyerekeza kuchokera ku timadontho toyandikana, komanso makamera ambiri ali ndi kagalasi patsogolo pa sensor kofewetsa dala kuti nsalu za timizeremizere zisamatulutse mafunde a mitundu aja. Ndiye kufewa kumeneko kumafunika kukonza pang'ono poyambirira. Pulogalamu yoeditira ya Lightroom imachita yokha, ukatsegula RAW mu gawo la Detail, mmene muli ma slider a sharpening, umapeza Amount ili kale pa 40, Radius 1.0, Detail 25, Masking 0, pamene ukatsegula JPEG Amount imakhala pa 0 poti kamera inaika kale yake. Asisi ya poyambayi amaisiya yochepa choncho, nthawi zina amaitsitsa kumene ngati chithunzi chili cha ISO yokwera, ija timakweza kukakhala mdima koma imabweretsa noise. Nzeru imeneyi si yawo okha, katswiri wina Bruce Fraser ndi amene anaitchukitsa kuti sharpening izigawidwa patatu, yochepa poyamba yokonza kufewa kwa kamera, ina yapakati ya malo osankha ngati maso, ndi yomaliza yoyenderana ndi kumene chithunzi chikupita. Imene imaononga zithunzi za anthu ndi yomalizayi ikaikidwa nthawi yolakwika, kapena ikaikidwa kawiri, iwe kunyumba, wa shopu naye pa makina ake.

Ndinakhala pambali pawo akukonza chithunzi changa cha ukwati wina umene unachitikira mu holo ya tchalitchi ku Rosettenville, magetsi a mu holomo anali achikasu ofooka ndiye ndinajambula pa ISO 3200. Anayamba ndi noise, osathamanga, anakulitsa chithunzi kufika 100% n'kuyang'ana pa tsaya ndi pa phewa la suti, kukoka pang'ono, kubweza, kukokanso. Atafika pa Masking anadina batani la Alt n'kugwira, uku akukoka slider, sikirini yonse inayera mbee kenaka inayamba kuda pang'onopang'ono, masaya anada, chipumi chinada, khoma la kumbuyo linada, kunangotsala timizere toyera pa maso, pa nsidze, pa milomo, pa ndolo ndi pa lesi ya diresi. Anati "mwaona achimwene, poyera pokhapo ndi pamene pagwire, pakudapo sipakhudzidwa." Anaima cha m'ma 70 umu. Kanthu kakang'ono koma ndi kamene kamasiyanitsa, maso akuthwa khungu lili lofewa bwinobwino ngati la munthu. Ambiri Masking timaisiya pa 0 ndiye sharpening imagwira paliponse, pakhungu, pa noise, pa khoma, zonse mofanana.

Pa nkhani ya pepala ndi pamene ndinaona kuti mayiwa ntchito amaidziwa. Inki ikagwa pa pepala imamwazika pang'ono, ndiye chithunzi cha papepala chimafewa kuposa mmene chimaonekera pa sikirini, ndipo matte imamwa inki kwambiri kuposa glossy ndiye imafuna sharpening yochulukirapo, canvas ndi ulusi wake uja ndiye kuposa apo. N'chifukwa chake pa Export, potulutsira fayilo yomaliza mu Lightroom, pali Screen, Matte Paper ndi Glossy Paper, ndi Low, Standard, High, sanangoziika kuti zikongoletse. Fayilo yokonzera matte ukaiona pa laputopu imaoneka ngati yaonjeza, umachita mantha, koma ikatuluka ili bwino. Asisi akamaona ya pepala amatsitsa zoom kufika 50% chifukwa amati 100% imakunamiza, palibe munthu amene amayang'ana chithunzi cha pakhoma mphuno itagunda galasi. Ndipo fayilo imodzi saigwiritsa ntchito pa masaizi onse. Jumbo ya 10 x 15 cm pa 300 ppi, kutanthauza ma pixel 300 pa inchi iliyonse, ndi ma pixel pafupifupi 1200 x 1800, A4 ndi 2480 x 3508, A3 ndi 3508 x 4961, iliyonse amaitulutsa payokha kuchokera ku fayilo yaikulu ija, iliyonse ndi sharpening yake. Zimadya nthawi inde, ndipo nthawiyo ndi imene ndidandaule.

Chifukwa kunena zoona pamalopa pamachedwa. Loweruka m'mawa mzere umatuluka panja, mkatimo ndi mothina, mipando iwiri yokha, kutentha, ndipo asisi sathamangira munthu, akhoza kukhala pa chithunzi chimodzi cha agogo a winawake inu mutaima mwendo kuwawa. Ikafika December anthu akukonzekera kukwera mabasi opita kumudzi, aliyense akufuna chithunzi chachikulu chokapachika kwa amayi ku Mangochi kaya ku Mzimba, ndiye musayerekeze kupita ndi ntchito ya changu, akuuzani mawa, mawa likafika akuti madzulo. Mauthenga a pa foni sayankha msanga, umaona kuti awerenga koma zii. Mtengo nawo ndi wokwererako poyerekeza ndi makina odzitsukira wekha a m'ma mall aja, makamaka ukafuna kuti aedite okha, ngakhale ine pamenepo sindidandaula kwambiri chifukwa kutsukitsa kawiri ndiye kodula. Mafulemu awo okha ndi amene sindikulimbikitsani, ndi opepuka, makona sagwirana bwino, ine ndimangotsukitsa fulemu n'kukagula kwina.

Dandaulo lalikulu ndi mnyamata uja. Ndi waulemu, amathamanga, koma asisi akachoka dzanja lake ndi lolemera, amakonda Clarity ndi Texture, ma slider ena olimbitsa chithunzi, amakoka mpaka ndevu za munthu kuoneka ngati zojambula ndi bolopeni, ndiye pamwamba pake n'kuikanso High pa Export. Tsiku lina ndinapeza ali yekha, zithunzi za chinkhoswe cha ku Turffontein zinatuluka zitenje zikuthwanima mopweteka m'maso, maluwa a pa chitenje ali ndi malire oyera, nkhope za azimayi zaukali pamene anthu anali akuseka. Asisi atabwera anangoziyang'ana kamodzi n'kunena kuti "iwe, wachitanso zako zija," anatsukanso osandilipiritsa, pamenepo ndiwayamikire, koma tsiku linali litapita. Ndiye mukafika funsani kaye ngati alipo eni ake, ngati palibe muuzeni mnyamatayo momveka kuti aise, Clarity usakhudze, Export ika Standard.

Palinso pamene ine ndi asisi sitigwirizana. Iwo anazolowera nkhope, ntchito yawo yambiri ndi maukwati ndi zithunzi za pamaliro, ndiye dzanja lawo ndi lopepuka pa chilichonse. Koma chithunzi cha malo si nkhope. Ndinawapatsa cha phiri la Mulanje chimene ndinajambula ndili kumudzi, minda ya tiyi kutsogolo, miyala kumbuyo, chinatuluka chofewa kwa ine, masamba a tiyi osaoneka bwino. Chithunzi chotere chili ndi tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri, chimafuna Radius yaing'ono, Detail yokwererako, ndipo Masking yongokwanira kuteteza mitambo basi. Tinakambirana, iwo akuti chikhala chaphokoso, ine ndikuti tayesani, anatsuka kachidutswa pa jumbo kuti tione, ndipo pamenepo anavomera ndi mutu wokha osayankhula kkkk. Chabwino chake amamva ukawauza, sali ngati ena oti ukanena kanthu amakufunsa kuti makina ndi anu kapena anga.

Za kachidutswa zimenezi musaziphonye. Musanalipire chachikulu, apempheni adule malo ofunika, nkhope kapena pamene pali tsitsi ndi velo, pa saizi yeniyeni imene chitulukire, atsuke pa jumbo ya pepala lomwelo. Mtengo wa jumbo imodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi A2 yoonongeka, ndipo asisi amachita mosanyinyirika, kungoti samayamba okha kukuuza, uyenera kupempha.

Anthu ambiri obwera pashopupa si ojambula ngati ife, ndi anthu wamba ndi zithunzi za pa foni, ndipo pamenepa ndi pamene ndimawamvera chisoni mayiwa. Ndili pamzere kunabwera bambo wina wachikulire, wogwira ntchito ya m'garden chakumpoto kwa mzindawu, ali ndi chithunzi cha malemu akazi ake chimene mwana anamutumizira pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu, akufuna A3 ya fulemu. Asisi anachitsegula, anachikulitsa, nkhope yonse timabokosi. Anawauza mwaulemu kuti "bambo, ichi chikakula chonchi simuwazindikira amayi, muuzeni mwanayo atumizenso koma asankhe document, asatumize ngati chithunzi wamba." Bambowo anafunsa ngati sangangochithwetsa pa kompyutapo, asisi anati sharpening ingothwetsa timabokosito. Ndi zoona, WhatsApp imachepetsa ndi kupanikiza chithunzi ukatumiza mwa nthawi zonse, ngakhale batani la HD lija limene linabwera mu 2023 limapanikizabe, document yokha ndi imene imafikitsa fayilo mmene ilili. Bambowo anaimba foni pomwepo, anadikira panja, fayilo itabwera inakwana A4 yabwinobwino, A3 asisi anakanabe. Wina akanangolandira ndalama ya A3 ija.

Ndipo foni payokha imakhala itaika kale sharpening yambiri isanakuonetse n'komwe chithunzi, ndiye amene mumaedita pa app ya Snapseed, mu Details muja muli Structure ndi Sharpening, ngati chithunzicho mukufuna kukatsukitsa zisiyeni zonse ziwiri pa 0, konzani kuwala ndi mitundu basi, zotsalazo akachite a shopu atadziwa saizi. Ngati ndi cha pa Facebook kapena pa status, chepetsani saizi kaye kenaka muike pang'ono, osati kuika kenaka n'kuchepetsa. Ma app a AI aja oti amakonza nkhope yachimbuuzi asisi sawakonda, amati amapanga munthu wina, mano ena, maso ena, ndipo ndinaonadi chithunzi cha agogo ena chitabwera chitadutsa mmenemo, makwinya onse atapita, mphini za pa tsaya zitafufutika, achibale akuti koma awa si agogo athu. Amagwiritsa ntchito pokhapokha mwini wake waona pa sikirini n'kuvomera. Chimodzimodzi chithunzi chogwedezeka kapena choti focus inagwira khoma m'malo mwa nkhope, amakuuziratu kuti apa palibe slider imene ithandize, mwina tichitsuke chaching'ono kuti zisaoneke kwambiri.

Kwa anzanga ojambula, mmene ndimachitira ine popita kumeneko ndi chonchi, ndimamaliza zonse kunyumba, kuwala, mitundu, noise, khungu, sharpening ya poyamba ija ndimaisiya yochepa ndi Masking yake, ndiye pa Export bokosi la Output Sharpening sindichonga, saizi sindichepetsa, ndimatulutsa TIFF kapena JPEG ya quality yokwera mu sRGB, n'kulemba pa dzina la foda kuti yosaika sharpening kuti ngakhale mnyamata uja aone. Fayilo yaikuluyo ndimaisunga choncho yosakhudza, chifukwa kasitomala lero afuna jumbo za mu album, mwezi wamawa abwera kuti apongozi akufuna canvas, ndiye ngati unasunga yokhayo yoika kale sharpening ya jumbo wagwa nayo. Za pa WhatsApp ndi Facebook ndimatulutsa padera pa Screen, Standard, mbali yaitali 2048, zimenezo sizipita kushopu n'komwe. Ngati mumakonda kumaliza nokha mu Photoshop ndi Unsharp Mask kapena Smart Sharpen palibe vuto, koma afunseni kaye saizi yeniyeni ndi pepala, muike pa layer yakeyake, ndipo mukafika muwauze kuti ndaika kale musaonjezere, amazimitsa yawo.

Ndiye kodi ndikukulimbikitsani kupitako, eya, ngati ntchito yanu ndi ya nkhope za anthu ndipo mukufuna kasitomala adzakuitaneninso pa ukwati wa mng'ono wake. Ngati mukungofuna ma jumbo ambirimbiri a changu a pa birthday ya mwana, pitani pa makina a mu mall, simusiyanitsa kwenikweni ndipo mubwerako msanga. Pitani mkati mwa sabata m'mawa, Lachiwiri kapena Lachitatu, asisi amakhalapo ndipo mzere umakhala waufupi. Kamera isiyeni kunyumba, m'tauni muja mukudziwa kale mmene mulili, tengani flash yokha m'thumba la kutsogolo, ndipo flash yo ikhale yoti mafayilo ake muli nawonso pena, kompyuta ya pashopu imabayidwa ma flash a anthu ambiri tsiku lonse.